Miziyamu ikabwera pa lole: zimene malo aang'ono akumudzi ayenera kudziwa asanavomere chionetsero choyendayenda

Anthu ambiri akamva zoti laibulale yaing'ono kapena kamiziyamu ka kumudzi kasankhidwa kuti kalandire chionetsero chochokera ku miziyamu yaikulu amaganiza kuti basi nkhani yatha, lole ibwera, anthu a ku likulu atsitsa katundu, akonza zonse, ife kwathu nkuombera m'manja ndi kujambulitsa. Sizikhala choncho ayi. Nthawi zambiri lole ija imangosiya mabokosi pakhomo nkumapita, ndipo otsegula mabokosiwo, omanga, olondera, ofotokozera alendo, osesa, ozimitsa magetsi madzulo ndi anthu a pamalo pomwepo, ambiri mwa iwo osalipidwa kanthu. Nde ndati ndifotokoze mmene zimayendera kuchokera pa fomu yofunsira mpaka tsiku lolongedza, chifukwa ntchito imeneyi ndi yabwino kwambiri koma imafuna kuilowa maso ali otsegula.

Chionetsero choyendayenda si chinthu chatsopano. Miziyamu ya ku London imene lero timaidziwa kuti Victoria and Albert inayamba kutumiza zinthu zake m'matauni ena a ku Britain m'zaka za m'ma 1850, ndipo dipatimenti yake yoyendetsa zionetsero inagwira ntchito mpaka 1977. Ku Sweden boma linali ndi bungwe la ntchito yomweyi lotchedwa Riksutställningar kuyambira 1965 mpaka 2017. Ku India miziyamu ya sayansi ya Birla ku Kolkata inayamba mu 1965 kupititsa zionetsero za sayansi kumidzi, kenaka nkumazimangira m'basi momwe, ndipo ku Australia a Questacon, malo a boma ophunzitsira sayansi, akhala akuyenda ndi thiraki ya chionetsero chotchedwa Science Circus kuyambira 1985. Maganizo ake ndi amodzimodzi kulikonse, akuti munthu wokhala kutali ndi likulu nayenso amakhoma msonkho, nayenso ali ndi ana ofuna kuphunzira, nde bwanji zinthu zonse zizikhala mumzinda umodzi kumene iye mwina sadzafikako moyo wake wonse.

Koma pulogalamu imene inaiganizira bwino nkhani ya malo aang'ono ndi ya ku America yotchedwa Museum on Main Street, imene inayamba mu 1994. Eni ake ndi a Smithsonian, bungwe loyendetsa mamiziyamu aakulu a dzikolo, kudzera mu nthambi yawo yoyendetsa zionetsero ya SITES, yomwe inakhazikitsidwa mu 1952, ndipo amagwira ndi makhonsolo oona za mbiri ndi chikhalidwe a chigawo chilichonse. Mayendedwe ake ndi otere: khonsolo ya chigawo imabwereka chionetsero kwa pafupifupi chaka, nkuitanitsa makalata ofunsira kuchokera m'matauni aang'ono, nkusankhapo nthawi zambiri malo 6, ndipo pamalo aliwonse chionetsero chimakhala masabata 6 kenaka nkupita kwina. Chafika kale m'madera opitirira 1,000. Ndizitchula pulogalamu imeneyi kangapo chifukwa ndi chitsanzo chooneka bwino, koma zambiri zimene ndikambe zimagwira paliponse pamene malo aang'ono akubwereka chionetsero kwa bungwe lalikulu.

Choyamba kumvetsa ndi choti zionetsero zimenezi zili mitundumitundu ndipo kulemera kwa ntchito kumasiyana kutali. Pali cha mapositala chabe, amakutumizirani m'kachubu kapena olo pa intaneti kuti musindikize nokha, mumakhoma pakhoma basi, a SITES omwewo amapereka zina zotere ulele kwa masukulu ndi malaibulale. Pali cha mapanelo oima okha, chokhala ndi zithunzi zazikulu, mawu, timasikirini toonetsa mavidiyo, zinthu zogwira ndi manja, ndi zinthu zochepa zakale zotsekeredwa m'magalasi. Ichi ndi chimene malo ambiri akumudzi amalandira. Nde pali chachitatu chokhala ndi zinthu zenizeni zamtengo wapatali, zojambula za akatswiri, nsalu zakale, makalata olembedwa pamanja zaka mazana apitawo, ndipo ichi obwereketsa sachipereka wamba, amafuna nyumba yokhala ndi makina osunga kutentha ndi chinyezi, alonda usana ndi usiku, ma alamu a moto. A SITES amachita kugawa zionetsero zawo m'magulu atatu a chitetezo, chochepa, chapakati ndi chachikulu, kuti wofunsira adziwiretu ngati angakwanitse. Palibe chamanyazi kuyamba ndi mapositala, ine ndimaona kuti komiti imene sinachitepo zoterezi ingachite bwino kuyambira pamenepo kuti ione mphamvu zake.

Tsopano nkhani ya malo, imene imagwetsa anthu ambiri chifukwa amayeza ndi maso. Zionetsero za Museum on Main Street zimafuna malo a masikweya mita pafupifupi 50 mpaka 75, ndi denga lotalika mamita osachepera pafupifupi 2.4, ndipo malo amenewo akhale opanda kanthu kwa masabata onse 6 kuphatikizapo masiku omanga ndi ophwasula. Apa ndi pamene mikangano imayambira, chifukwa holo ya pamalo aang'ono siikhala ya ntchito imodzi, mmenemo ndi mochitira misonkhano, mophunzirira akuluakulu madzulo, mwina mumabwerekedwa pa zochitika zina zimene zimabweretsa kandalama koyendetsera malowo, nde mukaitseka mwezi ndi theka pali anthu amene asowa kolowera ndipo pali ndalama imene simuipeza. Zimenezi zikambidwe chaka chisanafike, osati sabata yoti lole ikubwera.

Komanso musayeze chipinda chokha, yezani njira yonse imene bokosi lidutse. Mabokosi a zionetsero zoterezi amakhala opitirira khumi, aakulu, a mateyala pansi, ena olemera moti anthu awiri sangawanyamule, ndipo funso ndi lakuti kodi lole ifika pakhomo penipeni kapena iima kumsewu, kodi pali masitepe, kodi chitseko ndi chachikulu bwanji mukachitsegula chonse, kodi pakona ya khonde bokosi lalitali likhota. Obwereketsa amapereka miyeso ya bokosi lililonse, tengani tepi muyeze, olo kudula katoni ya saizi yomweyo nkuyenda nayo kuchokera panja mpaka mkati. Nde pali chinthu china chimene pafupifupi aliyense amaiwala, mabokosi aja akatsala opanda kanthu amafuna pokhala. Sangakhale panja pamvula, sangakhale m'shedi yodontha kapena ya makoswe ndi chiswe, chifukwa mkati mwake muli masiponji odulidwa molingana ndi chinthu chilichonse ndipo akanyowa kapena kulowa tizilombo ndiye kuti mwatumiza vutolo kwa anzanu a malo otsatira. Choncho kwenikweni mukufunika zipinda ziwiri, choonetsera ndi chosungira.

Obwereketsa asanavomere amakupatsani fomu yofotokoza za nyumba yanu. Imafunsa kuti nyumbayo inamangidwa ndi chiyani, denga limadontha kapena ayi, zozimitsira moto zilipo zingati, ozimitsa moto ali kutali bwanji, makiyi amasunga ndi ndani, mawindo ali mbali iti, magetsi amavuta motani. Chonde pa fomu imeneyi nenani zoona. Ndikudziwa mtima umafuna kukongoletsa kuti musankhidwe, koma anthu a m'mamiziyamu aakulu anaona kale nyumba zamitundu yonse ndipo mukawauza kuti pakona ina pamalowa madzi mvula ikachuluka iwo amangoti ikani mapanelo mbali inayo, kapena amakupatsani miyezi ina. Mukabisa nde chinthu nkuonongeka, mlandu umakhala wanu ndipo kubwerekanso kumavuta.

Za kuwala ndi chinyezi ndikhalepo pang'ono chifukwa anthu amaona ngati ndi kuvuta chabe kwa akatswiri. Kuwala kumayezedwa mu lux. Zinthu zosachedwa kufwifwa monga nsalu, mapepala, zithunzi zakale ndi zojambula za utoto wa madzi, mamiziyamu amaziika pa lux pafupifupi 50, zojambula za utoto wa mafuta pa 200 kapena cha pamenepo, pamene dzuwa lolowa mwachindunji limafika pa lux masauzande makumimakumi. Ndipo kuonongeka kwa kuwala kumaunjikana, tsiku lililonse limaonjezera pa la dzulo, mtundu ukafwifwa sumabwereranso olo mutachibisa chinthucho mumdima zaka khumi. Nde kansalu kakale kamene kakhala pafupi ndi windo masabata 6 katha kuonongeka kuposa mmene kanaonongekera zaka zambiri kali m'sutukesi. Mankhwala ake si odula, makatani okhuthala, kusuntha tebulo, mababu a LED amene satentha kwambiri. Chinyezi nacho, kwa nthawi yaitali lamulo linali loti chikhale pafupi ndi 50 peresenti osasinthasintha, koma mu 2015 gulu la akuluakulu a mamiziyamu aakulu lotchedwa Bizot linagwirizana kuti pa zinthu zambiri kutentha kwa madigiri 16 mpaka 25 ndi chinyezi cha 40 mpaka 60 peresenti nkokwanira, bola zisamalumphe mwadzidzidzi. Chikapitirira 65 kapena 70 peresenti kwa masiku ambiri chuku chimayamba kumera pa mapepala ndi zikopa. Matabwa amafufuma kukanyowa nkunyala kukauma, nde kusinthasintha kumeneko ndi kumene kumang'amba. Nchifukwa chake pa zinthu zenizeni amakuuzani kuti bokosi likafika lisiyeni lotseka m'chipindamo maola 24 lizolowere mpweya wa mmenemo, musathamangire kutsegula olo mtima ukhale m'mwamba bwanji.

Zoona zake mapanelo a pulasitiki ndi zitsulo sadandaula kwambiri ndi zimenezi, anapangidwira kuyenda. Koma ndazifotokoza chifukwa zidzagwira ntchito pa zinthu za anthu a m'dera lanu zimene mudzabwereke, ndifikako.

Kontirakiti iwerengeni yonse, ndipo muiwerenge anthu angapo. Mmenemo ndi mmene mwalembedwa kuti inshuwalansi walipira ndani ndipo ikuyambira pati, pali ina imene imateteza chinthu kuchokera pochichotsa pakhoma la eni ake mpaka pochibwezera, pali ina imene imagwira chikakhala panjira pokha nde chikalowa m'nyumba mwanu udindo ndi wanu. Mmenemo mulinso za mtengo wobwerekera ngati ulipo, ndi za thiransipoti, kawirikawiri malo aliwonse amalipira ulendo umodzi, wobweretsa kapena wopititsa kwa otsatira. Muli zoti simungachotse panelo ina chifukwa simunaikonde kapena yakuchepetserani malo, simungamatepo zanu, simungaike dzina la kampani yokuthandizani pamwamba pa dzina la eni ake, zithunzi zolengezera mugwiritse zimene akupatsani ndi mawu othokoza amene alemba. Zina zimaletsa kulipiritsa pakhomo. Muli zoti chinthu chikathyoka musakonze nokha ndi guluu, jambulani, lembani, imbani foni tsiku lomwelo. Izi sizolembedwa kuti akuopsezeni, chionetserocho chili ndi malo ena ambiri oti chikafikeko chili bwino.

Ndipo olo atati chionetserocho ndi chaulele, bajeti ikufunikabe. Kusindikiza mapepala olengeza, penti wa chipinda, mababu, mayendedwe a ana asukulu, kubweza ndalama ya ulendo kwa mlendo wodzayankhula, mafelemu a zithunzi za chionetsero chanu, magetsi okwera chifukwa masikirini akuyaka tsiku lonse. Makhonsolo ena amapereka kandalama kothandizira koma kawirikawiri sikakwana, ndipo thandizo la boma limatha kusintha mwadzidzidzi, ku America komweko mu Epulo 2025 ndalama zimene makhonsolo a zigawo ankalandira kuchokera ku bungwe la boma la National Endowment for the Humanities zinadulidwa chaka chili mkati. Nde ndi bwino pulani yanu ikhale ndi mbali imene ingayendebe olo thandizo lina litalephereka.

Tsiku lofika katundu, chinthu choyamba si kumanga, ndi kuyang'ana ndi kulemba. Chionetsero chimayenda ndi buku la malipoti ofotokoza mmene chinthu chilichonse chilili, pamene pakalika, pamene papindika, sikuluu imene yasowa, ndipo inu mumayerekeza zimene mukuona ndi zimene analemba a malo amene chachokera. Jambulani ndi foni bokosi lililonse musanatulutse kanthu, mmene zinthu zagonera mkatimo, chifukwa pakatha masabata 6 palibe amene adzakumbukire kuti chitsulo chija chinali pansi kapena pamwamba, ndipo mabokosi amenewa amatsekeka pokhapokha chilichonse chabwerera pamalo pake. Lipoti limeneli ndi limene limakutetezani, popanda ilo chilema chimene chinabwera kale chidzawerengedwa kuti ndi chanu.

Kumanga kwenikweni sikovuta monga anthu amaopera. Zionetsero za malo aang'ono anazipanga kuti anthu wamba ochepa azimange tsiku limodzi kapena awiri ndi zida zochepa, zidutswa zili ndi manambala ndipo pali buku la malangizo. Ku Museum on Main Street amachita chinthu chanzeru, pamalo oyamba a chigawo amaitana anthu a malo onse osankhidwa kuti adzamange limodzi ndi katswiri wochokera ku Smithsonian, nde aliyense amabwerera kwawo atagwirapo ndi manja ake. Ngati pulogalamu imene mwalowa ili ndi maphunziro otere tumizani anthu amene adzamangedi, osati wapampando chifukwa choti ndi wapampando, ndipo atumizidwe awiri kapena atatu kuti wina akadwala nzeru isapite naye.

Chovuta chenicheni ndi masabata aja 6. Tiyerekeze mwalonjeza kutsegula masiku 6 pa sabata, maola 6 pa tsiku, ndipo lamulo likuti chipinda chisakhale chopanda munthu, bwinonso akhale awiri kuti wina akatuluka wina atsale. Amenewo ndi maola 72 a ntchito pa sabata, pa masabata 6 ndi maola 432, osawerengera masiku a ana asukulu amene amafuna anthu ambiri. Malo ambiri aang'ono ali ndi wantchito mmodzi kapena alibiretu, nde maola amenewa agwera anthu odzipereka. Sabata yoyamba aliyense amafuna kukhalapo, sabata yachinayi anthu atopa, wina ali ndi odwala kunyumba, wina ntchito yake yamuitana, ndipo mumapeza amayi awiri kapena atatu omwewo ndi amene akutsegula tsiku ndi tsiku mpaka kufika podana nacho chionetserocho. Ine apa ndimalimbikira kwambiri, komiti isasaine kanthu isanalembe maina a anthu enieni amene avomera ndi pakamwa pawo, ochuluka kuposa amene mukuganiza kuti mukufuna, ndipo muonenso kalendala ya dera lanu, ngati masabata amene akupatsani agwera nthawi imene anthu atanganidwa ndi ntchito za kumunda, kapena misewu siidutsika, kapena masukulu ali pa holide kapena pa mayeso, pemphani nthawi ina.

Achinyamata musawasiye kunja pa nkhani imeneyi. A miziyamu ya Anne Frank House ya ku Amsterdam ali ndi chionetsero cha mapanelo chimene chayenda m'maiko ambiri, chofotokoza za Anne Frank, mtsikana wachiyuda amene anabisala ndi banja lake nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nkudzamwalira ku msasa wa Bergen-Belsen mu 1945, ndipo njira yawo ndi yoti amaphunzitsa ana asukulu a pamalopo kwa masiku angapo kuti iwowo ndiwo aziyendetsa anzawo m'chionetseromo. Mwana amamva bwino akamafotokozeredwa ndi mnzake, ndipo amene wafotokozera anthu nkhani kwa masabata angapo saiiwalanso. Njira imeneyi itha kugwira pa mutu uliwonse.

Tsopano ndifike pa chimene ndimaona kuti ndi mtima wa nkhani yonse. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo chionetsero chobwereka ndi choncho ndithu, pakatha masabata 6 chipinda chibwerera mmene chinalili. Funso loti komiti idzifunse pachiyambi pomwe ndi lakuti chidzatsale nchiyani. Anthu amene anakonza Museum on Main Street anaganizira zimenezi, nchifukwa chake mitu yawo ndi yotakata dala, Water/Ways ndi ya madzi, The Way We Worked ndi ya ntchito zimene anthu akhala akugwira, Crossroads ndi ya kusintha kwa moyo wakumudzi, Hometown Teams ndi ya masewera, Key Ingredients ndi ya zakudya. Palibe dera limene lilibe nkhani yake ya madzi kapena ya ntchito. Nde malo olandira amayembekezeka kukonza chionetsero chawochawo chapambali ndi mapulogalamu awo, kuti mlendo akaona nkhani ya dziko lonse pa mapanelo atembenuke nkuona nkhani yomweyo ndi nkhope za anthu amene akuwadziwa.

Ndipo mbali imeneyi ndi imene imakoka anthu. Munthu atha kuwerenga panelo yokongola kamodzi nkukhutira, koma akamva kuti chithunzi cha agogo ake chili pakhoma, kapena chida chimene bambo ake ankagwirira ntchito chili m'galasi ndi dzina lawo, abwera kawiri katatu ndipo abweretsa abale ochokera kutali. Tiyerekeze mutu ndi wa madzi, pamenepo mutha kufunsa achikulire za chaka chimene mtsinje unasefukira kapena kuuma, mujambule mawu awo, mupeze zithunzi za mlatho wakale, ana asukulu ajambule mapu a zitsime ndi akasupe a m'deralo, muitane amene amayang'anira madzi adzayankhe mafunso a anthu. Zimenezi zikatha sizikwera lole. Mawu a achikulire aja atsala, ndipo ena mwa iwo pakatha zaka zochepa sadzakhalaponso, nde mwina chionetsero chobwereka chija ndi chimene chinapereka chifukwa choti wina apite kukakhala nawo pansi ndi kuwafunsa.

Koma kubwereka zinthu kwa anthu a m'dera nako kumafuna dongosolo lomwe lija limene miziyamu yaikulu yakuchitirani inuyo. Chilichonse chilembedwe, mwini wake ndani, chabwera liti, chili motani, chibwezedwa liti, mwini wake asaine ndipo atenge kope yake. Zithunzi ndi makalata ndi bwino kuzisikana kapena kuzijambula bwino nkuonetsa makope, zenizenizo zibwerere kunyumba tsiku lomwelo, chifukwa chithunzi chimodzi chokha cha munthu amene anamwalira chikafwifwa ndi dzuwa kapena kusowa palibe inshuwalansi imene ingabweze. Musamate selotepi pa pepala lakale, musalembe nambala ndi bolopeni kumbuyo kwa chithunzi, pensulo yofewa ndi yokwana. Amene mwawajambula mawu muwafunse momveka ngati alola kuti mawu awo amvedwe ndi anthu, aikidwe pa intaneti kapena asungidwe chabe. Ndipo mugwirizane msanga chochita ndi anthu amene adzati tengani ndithu chikhale chanu, chifukwa adzakhalapo ambiri, ndipo malo opanda chipinda chosungira akalandira chilichonse amadzapezeka ndi mulu wa katundu amene akuonongeka m'manja mwawo.

Palinso funso loti nkhani ya ndani ikunenedwa. Dera laling'ono silikhala ndi mbiri imodzi, pali mabanja amene maina awo amatchulidwa nthawi zonse ndipo pali ena amene anagwira ntchito yolemetsa koma palibe anawajambula, pali obwera posachedwa, pali amene anachotsedwa pamalo pawo kalekale. Komiti ikakhala ya anthu a mbali imodzi chionetsero chimatulukanso cha mbali imodzi popanda wina kufuna zoipa, nde anthu ena akalowa nkuona kuti mulibe chawo sabweranso. Kuitana anthu oterewa kukhale koyambirira pamene mukusankha zoti muonetse, osati kuwapatsa kadi ya tsiku lotsegulira zonse zitatha kale. Mitu ina imadzutsa mikangano, za malo, za mavoti, za nkhondo, ndipo odzipereka aja auzidwiretu chochita mlendo akapsa mtima, amvetsere, asakangane naye, amupatse buku la ndemanga alembe, nkhaniyo ipite kwa amene akuyang'anira.

Chiyankhulo nachonso. Mapanelo amabwera m'chiyankhulo cha likulu, nthawi zina m'mawu ovuta, ndipo si onse amene amawerenga bwino. Simungasinthe mapanelo koma mutha kupempha chilolezo chomasulira mawu ake pa mapepala ogwira m'manja, kapena kukhala ndi maola oti wina azifotokoza pakamwa. Siyani mipata yokwana pafupifupi masentimita 90 pakati pa mapanelo kuti njinga ya olumala idutse, ikani mipando ingapo ya achikulire, ndipo ngati pakhomo pali masitepe ganizirani za thabwa lokwerera lolimba bwino.

Za kulengeza sindikhalitsapo, aliyense amadziwa njira zimene uthenga umayendera kwawo. Chokhacho ndinganene nchoti musathere mphamvu zonse pa tsiku lotsegulira. Gawani zochitika m'masabata onse kuti sabata iliyonse pakhale chifukwa chatsopano chobwerera, ndipo aphunzitsi muwauze teremu isanayambe kuti aike ulendowo mu pulani yawo, kalasi imodzi panthawi, chifukwa ana 100 m'chipinda cha masikweya mita 60 saona kanthu ndipo ndi pamene zinthu zimathyoka.

Werengani alendo tsiku lililonse m'kabuku, akulu angati ana angati, achokera kuti, chifukwa obwereketsa adzafuna lipoti pamapeto ndipo manambala omwewo ndi amene mudzaonetse pofunsira thandizo lina mtsogolo. Ndipo pa manambalawa musadziyerekeze ndi mumzinda, anthu mazana angapo m'dera la anthu masauzande ochepa ndi gawo lalikulu kuposa limene miziyamu yambiri ya m'mizinda imafikira mwa anthu ake.

Kuphwasula kumafuna anthu omwe aja anamanga ndi nthawi yofanana kapena kuposerapo, ndipo kumachitika aliyense atatopa, pamene lole ili ndi tsiku lake losasuntha chifukwa anzanu a malo otsatira alengeza kale tsiku lotsegulira. Sungani anthu a tsiku limeneli padera kuyambira pachiyambi. Pukutani mapanelo ndi zimene buku lalola zokha, werengani masikuluu ndi zingwe za magetsi, lembani lipoti la mmene chilichonse chikuchokera kuphatikizapo chimene chakalika m'manja mwanu, tsegulani zithunzi zija munajambula tsiku loyamba nkubwezera chilichonse pamalo pake. Mukatero muimbireni mnzanu wa malo otsatira mumuuze bokosi limene ndi lolemera kwambiri, panelo imene imavuta kulumikiza ndi sikirini imene imafuna kuzimitsa nkuyatsanso m'mawa. Sabata yomweyo bwezani zinthu za anthu khomo ndi khomo ndi kalata yothokoza, mwini wake asaine kuti walandira, ndipo komiti ikumane isanabalalike kuti igwirizane kumene mawu ojambulidwa ndi makope a zithunzi aja azisungidwa, pa makompyuta awiri osiyana, ndi dzina la munthu amene aziyang'anira.